Matepi Anga ndi Mpheta za Kudambo

Lolemba

Abiti Yusufu abwera kuchokera kumunda dzuwa litapendeka, akhala pakhonde osatsuka n'komwe matope kumapazi. Akuti akufuna matepi anga awiri.

Nkhani ndi mpunga. Munda wathu wa kudambo, cha ku Chiuta, wabereka bwino chaka chino, ndiye mpheta zamva. Zikumabwera ngati utsi. Kale ankaingitsa ndi adzukulu, koma mayi awo anawatenga, ali ku Balaka. Tsopano pansanja akumakhala ndi Abiti okha, mkazi wanga, ndi chitini cha miyala ndi kukhosi kwawo. Lero tsiku lachisanu ndi chimodzi.

Mwezi watha anapita ku Phalula kukazonda achemwali awo, ndipo kumeneko anaonako nzeru. Munthu waswa tepi, wasolola riboni yakuda ya m'kati ija, waimangirira pansungwi kuzungulira mapira. Mphepo ikawomba riboni imang'anima, imalira, mbalame osatera. Ya wailesi akuti imaduka msanga. Ya vidiyo ndiye yotambalala ngati chala chachikulu.

Ndiye ku Ngokwe kuno wa matepi a vidiyo ndani? Ndine.

Vidiyoyo ndi kagalasi kake anandibweretsera ndi mwana wanga Amidu pochoka ku Joni. Zimayendera batire la galimoto. Matepi ndinapatsidwa ndi bambo wina woonetsa kanema ku Balaka, amene ankafuna kukawataya kudzala. Ankati akaika aliyense mwa amenewa anthu amatuluka, ena akutukwana. Ndinawanyamula m'thumba la feteleza, ndipo kunyumba kuno amagona m'bokosi lachitsulo, pamwamba pa jekete langa la pa Idi.

Mayina olembedwa pamwambapo sindiwadziwa. Ndinawapatsa anga:

Wa Ng'ona
Wa Atchaina Ouluka
Wa Atchaina Ouluka wina (anthu omwewo, zipewa zina)
Wa Mayi Wolira
Wa Anthu a Kumwezi
Wa Mfuti Yosatha Zipolopolo
Wa Galu Wapolisi
Wa Kozizira (saoneka bwino, mwina n'chisanu, mwina n'nguwi)
Wabwino uja (sali pano, nkhani yake n'njina)

Ndapempha masiku. Ndionere onse, ndisankhe awiri oipitsitsa, Loweruka ndipereke. Loweruka ndi tsiku limene alamu anga Che Mussa abwere ndi nsungwi.

Abiti akuti, "Onse ndi oipa. Tsinzinani mungotola."

Si mmene zinthu zimayendera. Munthu sapereka mbuzi asanaiyang'ane mano.

Batire lili ndi moto. Awiri patsiku, masiku anayi, kuyambira mawa mpaka Lachisanu. N'zosavuta.

Lachiwiri

Chiguduli pawindo. Che Bwanali, atelala, abwera ndi thalauzi la munthu kudzasokerera mabatani akuonera. Ndiwo okha m'mudzi muno amene amafika kumapeto kwa kanema wanga, chifukwa amagona pakati.

Ndiyamba ndi Wa Ng'ona, poti ameneyu ndikudziwa kale kuti apita.

Ine ndapalasa bwato pa Chiuta zaka zambiri, ng'ona ndimaidziwa. Ng'ona imaonetsa mphuno ndi maso basi. Iyi ikuyandama msana wonse pamtunda ngati chitseko. Kukamwa kukutseguka ngati sutikesi. Mzungu polimbana nayo akuchita kuikoka yekha kuti imugwere, kenako n'kumakuwa. Ndiye pali pamalo paja: ikamatembenuka kuti ibwerere m'bango, pansi pa mchira pakutuluka phazi la munthu, la nsapato yoyera.

Ndabweza kanayi.

Munthu wa m'kati mwa ng'onayo ndinamutcha Saizi. Chizungu sindimva, ndiye mawu onse ndimaika anga, ndipo kwa ine kanemayu ndi wa Saizi. Ali ndi ana asanu. Anapita kukafuna ntchito ya ulonda, anamuuza kuti ya ulonda yatha, yatsala ya ung'ona. Kunyumba amanena kuti amagwira mu ofesi. Nsapato sanavule chifukwa anaopa kuti akaisiya kumtunda anzake aba. Pomaliza akamaiwombera ng'onayo ine ndimada nkhawa ndi anawo.

Che Bwanali adzidzimuka, akuti, "Achimwene, yafa?" Ndati yafa. Akuti mwezi wathanso inafa.

Chigamulo: Wa Ng'ona akhale. Sindingakayanike Saizi kudambo.

Masana, Atchaina Ouluka woyamba. Pakamwa pamayamba kutafuna, mawu n'kubwera pambuyo munthu atatembenuka kale. Chingwe chimene akuulukira chikuoneka, china chili ndi mfundo. Pali wandevu wina amafa katatu. Koyamba ali ndi ndevu, kachiwiri ndevu zomwezo zakwera pansi pa mphuno, kachitatu wameta koma khutu lake lopindika lija silibisika. Munthu wolimbikira ntchito chonchi!

Akhale. Ndipo akakhala woyamba, wachiwiri sangachoke, n'pachibale.

Tsiku limodzi, atatu apulumuka. Atsala asanu. Zikuyenda.

Abiti abwera akulankhula ngati wailesi ya mabatire akale. Afunsa ngati ndapeza. Ndati ndachepetsako.

Lachitatu

Wa Mayi Wolira. Mayiyu amalira kuyambira poyamba: kulira pachitsime, kulira m'basi, kulira akuvina pamvula. Chomuliza sichidziwika, chifukwa paliponse mwamuna akayandikira, a boma anadulapo ndi sizasi. Umangoona ali kutali, kenako mwadzidzidzi ali kale ndi mwana.

Koma ubwino wake uli kumapeto. Mayi aimirira pakhomo, wina agogoda, chitseko chiyamba kutseguka, ndiye pomwepo pakulowa ukwati wa anthu ena a ku Joni. Wina anajambulapo pamwamba. Keke, azimayi a zipewa, bambo wonenepa akuvina ndi mpando. Wogogoda uja mpaka lero sadziwika.

Ine ndili ndi ogogoda asanu ndi mmodzi, ndimasintha malinga ndi amene ndakhala naye. Kukakhala azimayi, ndi mwamuna wake wabwerera. Kukakhala ashehe, ndi mchimwene wake. Lero ndapeza wachisanu ndi chiwiri: ndi bambo wovina ndi mpando yemweyo.

Amalume anga, amene anandiphunzitsa kukamba nkhani tikuyanika nsomba pathandala, sankamaliza nkhani iliyonse. Ankafika pokoma n'kunyamuka, ine ndimalize, ndikalakwitsa andikoke khutu. Ndiye chitseko ichi ndi changa. Akhale.

Ndiika Wa Mfuti. Asanawombere anthu makumi awiri, chithunzi chiyamba kufota, kufota, chatsala ngati bokosi la machesi, chazima. Batire latha. N'kubweza kwa dzulo kuja.

Batire panjinga, ulendo wa kumsika, kumene lole ya nsomba imaima. Adalaivala amalitenga, kukalidzaza ku Balaka, n'kubwera nalo likununkha utsi wa milamba. Pachipata anyamata a chipani akufuna khadi. Khadi ili m'jekete, jekete lili m'bokosi, pansi pa matepi. Kubwerera, kutsitsa matepi onse, kutenga khadi, kulongedzanso bwinobwino, kupalasanso. Lole ndaipeza ikuliza kale injini. Adalaivala akuti Lachisanu.

Abiti amva za batire. Kenako monong'ona, chifukwa mawu akutha, akuti ndipereke imodzi kaye, ayambire mbali ya kumtondo kumene mpheta zimaterako.

Kuchoka pa awiri kufika pa imodzi. Ndikuona ngati sabata ikundikomera.

Lachinayi

Ndadzuka ndi nzeru. Wabwino uja.

Ameneyu analowa m'thumba mwangozi. Wa ku Balaka uja atazindikira anatumiza uthenga kawiri kuti ndimubwezere. Aphunzitsi a pasukulu apa anamuonera, anati ndi kanema weniweni, kunja anthu amamutama. Ine ndinamuonera kamodzi. Azungu ali m'nyumba, akulankhula. Wolira akulira pa chifukwa. Wakufa akufa kamodzi. Chingwe palibe, phazi palibe. Ndinayesa kuikapo mawu anga, sanalowe, paliponse n'potseka. Ndinangokhala ngati mlendo pamaliro a eni, manja pamaondo.

Ameneyo mpheta zimudye.

Vuto n'lakuti ali kwa a tcheyamani a chipani a m'dera lino. Anabwereka nthawi ya dzinja lapitalo. Vidiyo alibe.

Ndapita nditavala jekete. Andilandira bwino, mpando, tiyi. Tepi ili patebulo pakati pa wailesi ndi maluwa apulasitiki, aiyalira kansalu koluka pansi, ina pamwamba. Mayi a kunyumba amaipukuta m'mawa uliwonse. Akuti alendo ochokera kuboma akabwera amainyamula, kuiyang'ana mbali zonse, n'kugwedeza mutu.

Ndayamba ndi mvula. Kenako thonje. Kenako mpheta. A tcheyamani akuti mpheta zavuta zedi chaka chino, anthu azilimbikira m'minda. Ndati eya. Ndayang'ana tepi. Nawonso ayang'ana tepi. Akuti, "Madala, chinthu chanu chija tikusunga bwino, musade nkhawa." Ndathokoza.

Afunsa ngati n'zoona kuti mwa matepi anga muli azimayi ovala mathalauzi. Ndati ndi a kumwezi, kumeneko malamulo ndi ena. Aseka pang'ono, ine ndaseka kwambiri, ndatsanzika.

Andiperekeza mpaka pamsewu. Andipatsa papaya.

Papaya ndapatsa Abiti. Aliyang'ana, andiyang'ana. Ndalonjeza kuti mawa ndikatuluka ku Juma, mapemphero a Lachisanu kumzikiti, ndipita kudambo ndikawalandire, apume masana onse.

Otsala osaweruzidwa: Kumwezi, Mfuti, Galu, Kozizira. Mwa anayi sipangalephere kupezeka mmodzi.

Lachisanu

Lole sinabwere. Akuti yathyoka chitsulo cha pansi kupitirira Liwonde, batire langa lili momwemo pamodzi ndi madengu.

Ndiye ndiweruza ndi mutu, poti onse ndimawadziwa ngati njira ya kuchitsime.

Galu Wapolisi: agalu ndi atatu osiyana, wina wamawanga, koma onse akuyankha dzina limodzi. Wina amangoyang'ana kumbali kumene kuli womuonetsa nyama. Akhale.

Mfuti: munthu mmodzi, malaya alibe, apha gulu lonse la asilikali osaikamo chipolopolo china. Ndege ikaphulika imaoneka kuti ndi kachidole, ulusi uli pamwamba. Komanso Lachitatu sanamalize kudziteteza, batire linamudula. Simungaweruze munthu asanamalize kulankhula.

Kozizira: saoneka chilichonse, zoyera zokhazokha ndi mawu a anthu akuthamanga. Ameneyu ndiye amafuna ine kuposa onse. Popanda ine si kanthu.

Watsala Wa Kumwezi. Ndapita ku Juma nditatsimikiza: Kumwezi apita.

Titatuluka mumzikiti, pansi pa mango, nkhani yafika kale. Che Bwanali sasunga kanthu. Aliyense ali ndi maganizo. Wina akuti ndipereke Ng'ona, mwana wake anaseka mpaka kudwala. Wina akuti Kozizira, anakhala ola lathunthu akudikira kuti ayambe. Nditanena kuti ndasankha Kumwezi, onse avomera, akuti ameneyo ndiye zinyalala zenizeni, anthu ovala mabeseni kumutu.

Apo ndiye pandipweteka. Mabeseni, inde. Koma anaona kuti beseni la mfumu yawo lili ndi chigamba? Anaona kuti chombo chawo chikamatera, wina kumbuyo amatsokomola ndi utsi? Ndaimirira kuti ndingowafotokozera pang'ono. Ndayamba pamene anyamuka kwawo chifukwa cha njala, ndawatsitsa m'munda wa mzungu, ndachita mawu a mfumu, ndachita mayendedwe awo a bakha. Anthu awonjezekera. Ogulitsa zitumbuwa asiya malichero. Ashehe aima pakhomo ngati akudikira wina, koma sanachoke.

Mkulu wina akupukuta misozi akuti, "Mukamakamba inuyo zimakoma. Koma kuonera iyayi."

Ndikamamaliza, akuitanira kale swala ya Asiri, ya chakumadzulo.

Kudambo ndafika dzuwa litafiira. Abiti ndakumana nawo panjira akubwerera, chitini m'manja. Sanadye, ankadikira ine. Atsegula pakamwa, sipanatuluke kanthu, mpweya wokha. Mawu atheratu kuyambira masana, ndipo mpheta chitini chokha sizichiopa.

Kunyumba amasula nsonga ya chitenje, atulutsa ngala za mpunga zodzaza dzanja, aziika pamwamba pa bokosi langa. Ndazigwira. Mankhusu okhaokha, zopepuka ngati udzu. Aloza kumtondo, ajambula ndi chala pansi kukula kwa malo adyedwawo. Si pang'ono.



Loweruka

Che Mussa afika m'mawa ndi mtolo wa nsungwi. Sanalowe m'nyumba. Apempha mphasa pabwalo, ndiye ndadziwa kuti sanabwere ngati alamu ocheza nawo, abwera ngati eni mbumba. Che Bwanali aitanidwa kuti amve nawo.

Alankhula mofatsa. Akuti ine ndinabwera pamudzi pano tsitsi lili lakuda, ndamanga nyumba, ndalera ana, palibe amandidandaula. Koma munda uja ndi wa mayi awo, anausiyira mlongo wawo, ndipo mlongo wawoyo lero sangathe ngakhale kuyankha moni. Akufuna tepi imodzi, tsopano, nsungwi zikudikira.

Ndatulutsa bokosi. Ndati ndichita zimene Abiti ananena poyamba, nditsinzina. Che Bwanali asakaniza matepi pamphasa ngati nyemba. Ndatsinzina, ndatambasula dzanja, ndatola.

Wa Ng'ona.

Ndati tibwereze, dzanja linaterereka. Che Mussa atenga kale. Atulutsa mpeni, ayamba kumasula tizitsulo ta kumbuyo, kamodzi, kawiri, osafulumira, akuika m'chipewa kuti tisatayike. Chivundikiro chatseguka. Sindinaonepo m'kati mwake. Magudumu awiri basi, ndi riboni yakuda. Ndaiyang'anitsitsa padzuwa, ndimati mwina ndiona bango, kapena madzi. Palibe chooneka. Akokako mkono umodzi, mikono iwiri, riboni ikugwera m'fumbi, nkhuku yabwera kudzajompha.

Penapake m'menemo muli phazi la Saizi.

Sindikudziwa kuti ndaimirira nthawi yanji. Ndangopezeka ndagwira dzanja la alamu anga, lomwe lili ndi mpeni, ndikunena kuti, "Isiyeni. Pansanja ndikakhala ine."

Che Mussa afunsa kuti mpaka liti. Ndati mpaka kumweta. Afunsa Che Bwanali ngati amva. Che Bwanali, amene amagona pa chilichonse, lero ali maso, akuti amva bwinobwino: mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, tsiku lililonse, mpaka kumweta. Zina mwa izo sindinanene ine, koma palibe wanditsutsira.

Abiti ali pakhonde akumwa madzi otentha a mandimu. Akodola mchimwene wawo, amunong'oneza. Che Mussa abwera kudzandiuza kuti mlongo wawo wavomera, akuti pakamwa panga n'potambalala kuposa riboni.

Nsungwi azisiya kuseri kwa nyumba. Akuti zikhale pafupi, mwina ndisintha maganizo.

Masana onse ndakhala ndikubwezera riboni ndi chala, pang'onopang'ono, kupukuta fumbi ndi nsonga ya malaya. Pamene nkhuku inajompha pakwinyika. Kachitsulo kamodzi kasowa, ndamanga ndi ulusi wa Che Bwanali. Ngati ikugwirabe sindikudziwa, batire kulibe.

Lamulungu

Pansanja. Ndafika kusanayere, mame mpaka m'maondo. Ndili ndi chitini, chigubu cha madzi, mbatata ziwiri.

Nsanjayi anamanga poyeza Abiti. Miyendo yanga ikulendewera.

Mpheta zabwera dzuwa likungotuluka, kuchokera kubango. Ndagwedeza chitini, ndakuwa monga amakuwira anthu onse. Zauluka, zazungulira mtondo, zateranso. Kukuwa chabe kumatopetsa, ndipo mutu umauma. Ndiye ndayamba Wa Mfuti, mokweza, ndi kulira kwa mfuti komwe. Pamenepo zathawa ndithu. Atchaina Ouluka onse awiri akugwiranso ntchito, makamaka pomenyana. Mayi Wolira ayi, zimatera n'kumadya. Kozizira sindinayese.

Mwini munda wa pafupi wasiya kuingitsa zake, wasendera kumalire, wakhala pachulu. Akuti ndikweze mawu pang'ono. Ndamuuza kuti zake zikudya. Akuti adzaziona, ndimalize kaye za wandevu.

Pofika masana kukhosi kwayamba kukanda. Ndatafuna ngala imodzi kuti ndione: ikadali ndi mkaka. Masabata atatu, mwina kuposa. Makanema ndili nawo asanu ndi atatu, lero lokha ndakamba anayi.

Abiti abwera ndi chakudya dzuwa lili paliwombo, ayenda pang'onopang'ono, aima m'munsi. Ayang'ana mbali ya kumtondo, ayang'ana mbali inayo, athyola ngala, aifinya. Mawu sanabwerere, koma mbatata andiwonjezera. Pochoka andilozera ndi manja chinthu cha makona anayi, cholemera: batire lafika. Adalaivala alitula m'mawa, lodzaza.

Ndikamafika kunyumba kudzikhala kutada, msana utauma, ndipo m'mawa ndi kuno. Batire likangokhala limatha lokha. Pomweta lidzakhala lilibe moto.

Matepi onse ali m'bokosi, asanu ndi atatu, palibe wapita. Mpheta zabwereranso, zili kumtondo. Ndiyambe Wa Galu.